Kusema Ziboliboli Nakonso Kumafuna Sukulu

M'mabanja mwathu muli mlandu umene umagamulidwa mwini wake asanatsegule n'pakamwa pomwe. Mwana akakhoza mayeso a Fomu 4 nanena kuti afuna udotolo kapena zamalamulo, nthungululu zimamveka mpaka kutsidya. Koma akangoti mtima wake uli pa luso la zosemasema, nkhope zimagwa, ndipo bambo amafunsa kuti, "Kodi ziboliboli nazo n'zopitira ku yunivesite? Suja amasema ndi anthu osadziwa ndi 'a' yemwe?" Makolo anzanga, chigamulo chimenechi n'cholakwa, ndipo chikukwirira mphatso zambiri.

Tiyambe ndi osema a m'mphepete mwa msewu amene mumawatchulawo. Manja awo ndi aluso ndithu. Koma taonani zimene ayala: mvuu, njovu, ng'ona ndi mipando ya mafumu, zofanana ngati mazira a nkhuku imodzi. Amabwereza chimene mlendo wadzulo anagula, pakuti palibe anawaonetsa njira ina. Wogula ndiye amanena mtengo, dzina la wosema silimveka, ndipo mphingo umene amadalira ukunka nutha m'nkhalango. Umu ndi mmene luso limathera likasiyidwa lopanda maphunziro.

Nanga ku yunivesite mwana akaphunzirako chiyani? Akaphunzira kujambula thupi la munthu monga liliri, kuumba ndi dongo, kuwotcherera zitsulo, ndi kuyesa kulemera kwa chinthu kuti chiime osagwa. Akaphunzira mbiri ya luso, kuti asataye zaka akutulukira zimene ena anatulukira kale. Koposa zonse akaphunzira kufotokoza ntchito yake pakamwa ndi polemba, ndi kupirira anzake akamaidzudzula poyera. Kuno kwathu maphunziro a zaluso alipo ku Yunivesite ya Malawi, ku Zomba.

Taganizani za El Anatsui wa ku Ghana. Anaphunzira luso ku yunivesite ku Kumasi, ndipo mu 1975 anayamba kuphunzitsa ku Nsukka, m'dziko la Nigeria. Iyeyu amatenga zitsekerero za mabotolo a mowa zimene anthu ataya, nazipsyatalitsa, nazilumikiza ndi waya wamkuwa mpaka zikhale ngati chinsalu chonyezimira chokuta khoma lonse. Mu 2015 analandira mphoto ya Golden Lion pa chionetsero chachikulu cha ku Venice. Zitsekerero zoterezo zili mbwee pa golosale iliyonse kwathu kuno. Chosowa ndi maso ophunzitsidwa kuona.

Wina adzati, "Nanga osema miyala a ku Zimbabwe anatchuka ndi digiri yanji?" Funsoli n'labwino. Pa Tengenenge, malo amene mlimi wa fodya Tom Blomefield anayambitsa mu 1966, ambiri osema anali antchito a m'mafamu ochokera ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Angola. Mmodzi wa iwo anali Fanizani Akuda, Mchewa wobadwira ku Zambia mu 1932. Digiri analibe, n'zoona. Koma anali ndi mwala, zipangizo, anzawo owaonetsa ntchito, ndi munthu wowapezera msika. Imeneyo ndi sukulu ndithu. Komabe kumbukirani kuti amene ankalemba za iwo ndi kuwalankhulira kwa ogula akunja kawirikawiri anali anthu ena. Kodi n'kulakwa kufuna kuti mdzukulu wawo adzilankhulire yekha?

Ngakhale pa Mua tili ndi umboni. Bambo Claude Boucher atayambitsa malo a KuNgoni mu 1976, anyamata a m'midzi anaphunzira kusema, ndipo ntchito zawo zinafika m'matchalitchi a kuno ndi a kunja. Luso likapeza mphunzitsi limakula.

Tsono za ndalama tisanamizane. Njira imeneyi ndi yaitali, ndipo si aliyense adzadya za ziboliboli zokha. Ena amaphunzitsa, ena amagwira maoda a zipata ndi zipilala uku akusema zawo madzulo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma kodi msikawo wauchepetsa ndani? Si ife tomwe? Parishi imasonkha ndalama chaka chathunthu kuti iitanitse chiboliboli chakunja chopangidwa m'chikombole, chofanana ndi zinzake zikwizikwi, pamene mmisiri ali m'mphakati momwemo. Timakana kugula, kenaka n'kumauza ana kuti luso silidyetsa.

Motero mwana wanu akabwera ndi pempho lotere, musamuseke. Muuzeni akuonetseni zimene wasema kale. Ngati manja ake ali ndi zipsera za tchizulo ndipo ntchito zake zikunka zikongola, mulipireni fizi monga mukanachitira ndi wofuna udotolo. Ndipo khonsolo ya tchalitchi ikadzakhalanso pansi kukambirana za chiboliboli chatsopano, wina aimirire afunse kuti wosema wa pafupi ndani.