Anthu a ku Spain si aulesi

Akonzi,

Ndiloleniko ndiyankhulepo pa khalidwe la anzathu ena amene akayenda kunja amabwerako ndi nkhani zonyoza eni dziko. Kangapo konse ndamva anthu ophunzira ndithu akunena kuti ku Spain anthu ndi aulesi chifukwa amatseka masitolo masanasana n'kukagona. Ine ndinakhalako masabata awiri mu June mumzinda wa Sevilla, kummwera kwa dzikolo, kumene mwana wanga akuchita maphunziro, ndipo ndikuti mawu amenewa ndi opanda chilungamo.

N'zoona kuti masitolo ang'onoang'ono ambiri amatsekedwa cha m'ma 2 koloko masana n'kutsegulidwanso cha m'ma 5, koma akatero amagulitsa mpaka 8 kapena 9 koloko usiku. Tawerengani maola amenewo muone ngati munthuyo wagwira ntchito yochepa. Masitolo akuluakulu satseka n'komwe. Ndiponso ambiri sapita kukagona ayi, amakadya chakudya chachikulu cha tsikulo pamodzi ndi banja lawo.

Chifukwa choyamba ndi dzuwa. Mu July ndi August kutentha ku Sevilla kumapitirira madigiri 40, kufanana ndi ku Nsanje mu October. Chachiwiri ndi wotchi yawo. M'chaka cha 1940 boma la Franco linasuntha nthawi ya dzikolo ndi ola limodzi, ndipo m'chilimwe chawo amawonjezeranso ola lina. Motero mu June wotchi ya ku Sevilla imafanana ndendende ndi ya kuno kwathu, koma kumeneko dzuwa limafika paliwombo itadutsa 2 koloko, n'kukalowa itatsala pang'ono 10 koloko usiku. Amene akudya mgonero 9 koloko kunja kukuwalabe, kodi wachedwa pati?

Mzinda wonse unamangidwa moganizira mthunzi. M'dera lakale la Santa Cruz tinjira ndi topanikizana kotero kuti dzuwa silifika pansi nthawi yaitali, ndipo makoma ambiri ndi opaka laimu. Mumsewu wa masitolo wa Sierpes amakoka nsalu zazikulu pamwamba kuchokera nyumba ina kufika inzake. M'mbali mwa misewu muli mitengo ya malalanje yambirimbiri. Malalanjewo ndi owawa, sadyeka osaphika, koma mitengoyo amaisamala.

Ngakhale tchalitchi chachikulu cha mumzindawo chikuchitira umboni nzeru yomweyi. Chinamangidwa pamalo pamene panali mzikiti, ndipo nsanja yake yotchedwa Giralda inali ya mzikitiwo, yomwe anaimaliza mu 1198. Akhristu atalanda mzindawo mu 1248 sanaigwetse, koma pambuyo pake anaikamo mabelu. Bwalo limene Asilamu ankasambirapo asanapemphere lilipobe, lodzaza ndi mitengo ya malalanje, ndipo mlendo wotopa amapumirapo.

Kukayamba kuzizira, anthu amatuluka. Agogo amakhala pamipando m'mabwalo a mumzinda, ana akusewera mpira pafupi, makolo akucheza mpaka 11 koloko usiku. Ena amapita ku Misa ya madzulo. Munthu amene wangotsika basi masana, kujambula zithunzi za tchalitchi n'kubwerera, sangaone zimenezi. Iye amaona zitseko zotseka basi.

Sindikunena kuti zonse za kumeneko titengere. Anthu amapatsana moni popsompsonana m'masaya onse awiri, ndipo m'masukulu ambiri ana amaitana aphunzitsi ndi dzina lawo loyamba. Ine amene ndinakhala mphunzitsi wamkulu zaka zambiri sindingakonde zotere pasukulu ya kumudzi kwathu. Koma kusakonda mwambo wa eni ake n'kwina, kuwanamizira ulesi kapena mwano n'kwinanso.

Tisaiwale kuti nafenso zinatichitikira. Alendo ankapeza mlimi atakhala pansi pa mtengo wa mango masana n'kumati anthu akuda ndi aulesi, osadziwa kuti munthuyo analawirira kumunda tambala woyamba atangolira. Chipongwe chimenecho chinatipweteka, ndiye tisachibwezere kwa ena.

Pempho langa likupita makamaka kwa ansembe, abusa ndi aphunzitsi, pakuti ndinu amene mumapeza mwayi woyenda, ndipo zimene mwanena paguwa kapena m'kalasi anthu akumudzi amazitenga ngati zoona zenizeni. Mukafika kwa eni, funsani chifukwa cha mwambo uliwonse musanauweruze, ndipo mukhaleko mpaka dzuwa lilowe. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.



Mphunzitsi Wamkulu Wopuma,
Ntcheu.