Zengerezu wa M'maofesi Mwathu

Chaka chatha ndidapita ku ofesi ina mumzinda kukalondola mapepala anga. Ndidalawira mbandakucha, ndidalipira basi ndalama zokwanira kugula ndiwo za sabata yathunthu, ndipo ndidakhala pa benchi maola atatu. Itakwana nthawi yanga, kalaliki, mtsikana waulemu wake, adatembenuza kompyuta kuti ndidzionere ndekha. Tsamba limene amayenera kulembapo dzina langa lidali litasokonekera. Mawu adali atakwerana, zithunzi zidasanduka timabokosi topanda kanthu, ndipo batani lotumizira fomu silimaoneka n'komwe. "Pepani bambo, makinawa ndi akale. Tidapempha atsopano kalekale. Mudzayesenso mawa," adatero. Ndidabwerera chimanjamanja.

Mtsikanayo ndilibe naye mlandu. Mlandu ndikuuika pa akuluakulu a maofesi amene amayesa kompyuta ngati mtondo, woti ukasema kamodzi adzasinjiramo ndi adzukulu omwe. Iwo amati pochedwa kukonzanso makina akusunga ndalama. Ine ndikuti sakusunga kanthu. Akungochotsa mtolo pamutu pawo n'kuusenzetsa kalaliki ndi munthu wosauka amene wadzafuna thandizo.

Tiyeni tiyambe tamvetsa chimene chidachitika pa kompyuta ija. Tsamba la pa intaneti silifika ngati chithunzi chojambulidwa kale. Limafika ngati malangizo olembedwa, onena kuti mutu ukhale apa, chithunzi apo, batani pansi. Pulogalamu yotchedwa browser, monga Chrome, Firefox kapena Edge, ndiyo imawerenga malangizowo n'kuyala tsambalo pamaso pathu. Koma kalembedwe ka malangizowa kamakula chaka ndi chaka. Pulogalamu yakale ikakumana ndi lamulo limene siidziwa imangolilumpha, ndipo tsamba limaphwasuka. Ife aphunzitsi timazidziwa bwino zoterezi. Mwana amene adalekezera Sitandade 4 mukamupatsa mayeso a Fomu 4, amawerenga mawu awiri atatu amene akuwazindikira, enawo n'kungowayang'ana. Simungamunene kuti ndi waulesi. Wolakwa ndi amene adamukhazika m'chipinda cha mayesomo.

Kodi akuluakuluwo adadzidzimutsidwa? Iyayi. Kampani ya Microsoft idatulutsa Internet Explorer mu 1995, ndipo mu 2001 idatulutsa mtundu wake wachisanu ndi chimodzi komanso Windows XP. Maofesi ambiri padziko lapansi adamanga ntchito zawo pa mapulogalamu amenewa, mwakuti pofuna kuwasiya adapeza kuti adzimanga okha miyendo. Komabe nthawi sidawadikire. Microsoft idasiya kusamalira Windows XP mu Epulo 2014, Windows 7 mu Januwale 2020, ndipo pa 15 Juni 2022 idapumitsa Internet Explorer. Thandizo la nthawi zonse la Windows 10 nalo lidatha mu Okutobala 2025. Masiku onsewa adalengezedwa nthawi ikadalipo. Bwana amene amadziwa tsiku lotha inshuwalansi ya galimoto ya kuntchito sangatiuze kuti tsiku lotha pulogalamu ya kompyuta lidamupita.

Kusaoneka bwino kwa tsamba ndi chizindikiro chabe, ngati kutentha kwa thupi pa malungo. Nthenda yeniyeni ndi yakuti pulogalamu yosasamalidwa imakhala ndi ziboo zimene akuba amaloweramo. Opanga mapulogalamu akaona chiboo amatumiza chigamba choti chiikidwe, koma chigamba chosasokerera sichitseka kanthu. Mu Meyi 2017 pulogalamu yoipa yotchedwa WannaCry idalowa m'makompyuta a m'maiko oposa 150, n'kutseka zolembedwa zonse mpaka eni ake atalipira dipo. Ku Britain idagwetsa ntchito m'zipatala zambiri za boma. Odwala pafupifupi 19,000 adabwezedwa pa tsiku limene amayenera kuonana ndi dokotala kapena kuchitidwa opaleshoni, ndipo maambulansi ena adawalozera ku zipatala zina. Chomvetsa chisoni n'chakuti Microsoft idali itatulutsa kale chigamba chotseka chiboocho mu Malichi chaka chomwecho. Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chidaimba ng'oma miyezi iwiri yathunthu, anthu ali chigonere. Ngati dziko lolemera lidapunthwa chotero, nanga ife titetezedwa ndi chiyani? M'makompyuta a m'maofesi mwathu muli mayina a odwala, malipiro a antchito ndi zotsatira za mayeso a ana.

Ena adzati, "Aphunzitsi, mukulankhula ngati ndalama zimayoledwa. Makompyuta amachokera kunja, ndipo ndalama zakunja n'zosowa." Zoona zimenezo, sindikana. Koma Chrome ndi Firefox sagula, amangotenga pa intaneti. Zigamba za pulogalamu imene ikusamalidwabe nazo n'zaulere. Ngakhale kompyuta yokalamba itha kutsitsimuka poiikamo Linux, imenenso ilibe mtengo. Chosowa kwenikweni ndi munthu wopatsidwa udindo ndi nthawi yoti achite zimenezi. Ndiponso tisanamizane: ofesi imene imati ilibe ndalama zokonzera makina a kalaliki kawirikawiri imapeza ndalama za msonkhano wa kunyanja ndi makatani atsopano a m'chipinda cha bwana. Kompyuta ya bwanayo, imene ntchito yake ndi kuwerengera makalata awiri patsiku, ndiyo imakhala yatsopano.

Enanso adzati kusintha makina kumasokoneza ntchito, chifukwa antchito ayenera kuphunzira mwatsopano ndipo mapulogalamu ena akale amakana kugwira. Apanso pali choonadi. Koma yankho lake ndi kukonzekera: kulemba zaka za makina onse, kupatula ndalama pang'ono chaka chilichonse, ndi kusintha chipinda chimodzi chimodzi. Ngakhale dziko la Japan, lotchuka pa zaumisiri, lidakakamira timadisiki takale totchedwa floppy mpaka mu 2024, pamene nduna Taro Kono idalengeza kuti boma lachotsa malamulo oposa 1,000 amene amalamula anthu kutigwiritsa ntchito. Chimene chidatsekereza Japan sichidali umphawi. Chidali chizolowezi, ndipo chidatha pamene munthu mmodzi waudindo adaimirira n'kunena kuti basi.

Okonza masamba nawo asathawe mlandu. Tsamba lothandiza anthu wamba liyenera kukhala lopepuka, loti litseguke ngakhale pa foni yotsika mtengo kumudzi kumene netiweki imavuta. Kulidzaza ndi zithunzi zovina n'kutsekera pakhomo anthu amene lidapangidwira.

Inu ophunzira, mawa lino ena mwa inu mudzakhala pa mipando imeneyi. Mukadzalandira makompyuta, kaya ogula kaya a mphatso, mudzakumbukire kuti walira mvula walira matope. Tsiku lolandira makina ndilo tsiku loyamba kufunsa kuti adzawasamalira ndani, ndi ndalama ziti, ndipo adzasinthidwa liti. Musadzayese kukwera mtengo kwa makina okha. Mudzayesenso mtengo wa basi wa mayi wochokera kutali amene wauzidwa kuti abwerenso mawa. Zengerezu adalinda kwawukwawu, koma zengerezu wa mu ofesi salinda yekha. Amalinditsa anthu osalakwa pa benchi.