Nokia inagwa na mantha, osati na iPhone chabe

Amai na atate a m'misika, mukumbuka ka Nokia 3310? Kaja kamene kakagwa pa simenti mumangokatola n'kupitiriza kukamba, batire masiku angapo osachaja. Mu 2007, pa mafoni 10 alionse ogulitsidwa pa dziko lonse, pafupifupi 4 anali a Nokia. Pofika 2014, bizinesi yawo ya mafoni inali m'manja mwa Microsoft. Zaka 7 chabe!

Ambiri amati ni iPhone na Android zimene zinawapha. Zoona, zinabwera mu 2007 na 2008. Koma Nokia inali na ndalama, mafakitale, na mainjiniya anzeru maningi. Nanga chinavuta n'chiyani?

Akatswiri awiri, Timo Vuori na Quy Huy, anakamba na mabwana komanso mainjiniya a kampaniyi, ndipo chimene anapeza ni mantha. Mabwana akuluakulu anali kuopa Apple na eni masheya, ndiye anali kukalipira a pansi pawo. Mabwana apakati, poopa kutukwanidwa kapena kutaya nchito, anali kupereka malipoti okoma okhaokha. Anali kudziwa kuti pulogalamu yawo ya Symbian yatsalira, koma ndani akauze bwana? Aliyense ziii. Pamene chilungamo chinafika pamwamba, makasitomala anali atapita kale.

Google inayamba kufufuza magulu ake a anchito okwana 180 mu 2012, kufuna kudziwa chifukwa chake ena amachita bwino kupambana anzawo. Chachikulu chimene anapeza sichinali madigiri iyayi. Gulu lolimba linali lija limene munthu angakambe kuti "ndalakwitsa" kapena "sindinamvetse" popanda kusekedwa.

Manje tibwere kwa inu a ku Soweto, City Market na Chisokone. Mwana uja amakuthandizani pa sitandi, akabweza chenji yolakwika, amakuuzani? Tomato akayamba kuola pansi pa bokosi, amakamba msanga, kapena mumadziwa na fungo? Ine ndiona kuti ambiri a ife timachita monga mabwana a Nokia. Timakalipa pamaso pa makasitomala, mwana amaphunzira kubisa, ndipo madzulo powerenga ndalama timadabwa kuti kapito ikuchepa bwanji.

Ngakhale mu chilimba ni chimodzimodzi. Mnzanu akalephera kusonkha mwezi uno, amatha kukamba pa gulu, kapena amangozima foni?