Kuwala kwa Galimoto ndi Fumbi la pa Kanengo

M'chigawo chapita tidakambirana za ngongole imene mphunzitsi amatenga pofuna kugula galimoto yake yoyamba. Lero tione za ndalama ina imene imatuluka m'thumba galimotoyo itafika kale pakhomo, ndiyo ya mankhwala okutira penti, amene ogulitsa ake amati amateteza galimoto ku dzuwa, mvula ndi fumbi kwa zaka zambiri. Funso lathu ndi limodzi: kodi mankhwala amenewa ngoyenera mtengo wake kwa munthu wa ku Area 25 kapena ku Mgona, amene amadutsa pa Kanengo m'mawa ndi madzulo?

Nkhaniyi idandipeza kudzera mwa mphunzitsi mnzanga amene sindimutchula dzina. Iyeyu adaitanitsa galimoto yakale kuchokera ku Japan, ndipo idalowa m'dziko muno kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi pa chipata cha Songwe, monga zilowera zambiri. Patangopita sabata ziwiri, anyamata ena a pamalo otsukira magalimoto adamuonetsa kabotolo kakang'ono, nathira madzi pa boneti ya galimoto ina imene adali atapaka kale. Madzi aja adaundana timadontho n'kumagubuduzika ngati pa tsamba la koko. "Aphunzitsi, izitu mukapaka, zaka 5 muiwale za polishi, ndipo ngakhale mwala sukanda," adatero mmodzi wa iwo. Mnzangayo adalipira ndalama yoposa theka la malipiro ake a pamwezi. Itatha miyezi 6 adandiitana kuti ndikaone galimoto ija ili padzuwa. Pazitseko padali tizikanda tambirimbiri tozungulira ngati ukonde wa kangaude, ndipo kutsogolo kudali timabala ta miyala. "Achimwene, kodi ndidalipira chiyani pamenepa?" adandifunsa.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Tsono ife tiyambe ndi kufunsa kuti penti wa galimoto ndi chiyani kwenikweni.

Penti wa galimoto za masiku ano ali ndi magawo osanjikizana. Pansi pali penti wogwira chitsulo, amene amatchinga dzimbiri. Pakati pali penti wa mtundu umene maso athu amaona, kaya woyera, wofiira kapena wakuda. Pamwamba pa zonse pali penti woonekera, wonga vanishi wa pamipando, ndipo kuwala konse kwa galimoto kumachokera pa iyeyu. Achikulire akumbukira kuti ma Peugeot 404 ndi ma Datsun akale sadali otere: mtundu wake udali pamtunda, ndipo ukafwifwa munthu ankangoupukuta ndi polishi n'kuwalanso. Penti woonekerayu adafala m'zaka za m'ma 1980. Kuchindikala kwake ndi pafupifupi ma micron 40 kapena 50, ndipo micron imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Kunena kwina, chimene chimatchinjiriza mtundu wa galimoto yanu n'chopyapyala kuposa tsitsi limodzi la m'mutu mwanu. Chikatha, chatha, palibe mankhwala ochibwezera koma kupenta mwatsopano.

Nanga adani a penti ameneyu pa Kanengo ndani? Woyamba ndi dzuwa. Lilongwe ali pamtunda wa mamita oposa 1,000, ndiponso dziko lathu lili m'chigawo chotentha cha dziko lapansi, kotero kuwala kosaoneka ndi maso kumene asayansi amakutcha ultraviolet kumafika kuno ndi mphamvu. Ndiko kumene kumafwifwitsa denga ndi boneti mpaka penti wapamwamba atayamba kusupuka ngati khungu la njoka. Wachiwiri ndi fumbi. Kanengo ndi dera la mafakitale, la nkhokwe zikuluzikulu za chimanga ndi la okushoni ya fodya. Msika wa fodya ukatsegulidwa cha mu Epulo, malole odzaza mabelo amandandalikana m'misewu, ndipo nyengo yomweyo ndiyo mvula imaleka. Kuyambira pamenepo mpaka Okutobala, fumbi lofiira la m'misewu ya dothi ya m'makomboni limakuta chilichonse. Wachitatu ndi timiyala tothetheka kuchokera ku matayala a malole pa msewu wa M1 ndi wa ku Salima. Wachinayi ndi zitosi za mbalame ndi mileme, pamodzi ndi utomoni wa mitengo imene timathawirako dzuwa. Izi zikauma padzuwa zimadya penti m'masiku owerengeka. Koma mdani wachisanu, amene ine ndiyesa ndiye wamkulu, ndi dzanja la munthu: sanza youma yopukutira fumbi m'mawa, sopo waufa wochapira zovala, ndi ndowa imodzi ya madzi akuda imene yatsuka kale magalimoto atatu.

Zoteteza zimene zikugulitsidwa zilipo za mitundu itatu. Choyamba ndi polishi wa phula, amene wabwino wake amapangidwa ndi phula la pamasamba a mgwalangwa wotchedwa carnauba wa ku Brazil. Ngwotsika mtengo, munthu angathe kupaka yekha, koma padzuwa lathuli amatha pa miyezi 2 kapena 3. Chachiwiri ndi mankhwala amadzimadzi otchedwa seramiki, amene mnzanga uja adagula. Awa akauma amasanduka kachikuto kolimba kokhala ndi silika, chinthu chomwecho chimene chili mu mchenga ndi m'galasi. Akakhala enieni ndi opakidwa bwino amakhala zaka 2 kapena kuposerapo. Chachitatu ndi pepala la pulasitiki loonekera lomata pa boneti ndi pa bampala. Ili ndi lochindikala ndithu, ndipo mwa zitatuzi ndi lokhalo limene lingathe kutchinga timiyala, koma ndilonso lodula kopambana.

Tsono tiime pang'ono pa seramiki, pakuti apa ndipo pali msampha. Kachikuto kake sikaposa micron imodzi kapena ziwiri. Kodi chinthu chopyapyala chomwecho chingaimitse bwanji mwala wothetheka pa liwiro la galimoto? Sichingathe. Pamabotolo ambiri pamalembedwa "9H", ndipo ogulitsa amati chimenechi chitanthauza kulimba koyandikira kwa mwala wa dayamondi. Aphunzitsi ndi ana a sukulu, chizindikiro chimenechi mukuchidziwa kale: ndi cha pa pensulo. Pali pensulo ya HB imene timalembera, ya 2H yojambulira, mpaka ya 9H, yolimba kuposa zinzake. Chimene botolo likunena n'chakuti nsonga ya pensulo ya 9H siikanda kachikutoko. Koma mchenga wa mu fumbi ngwolimba kwambiri kuposa nsonga ya pensulo iliyonse. Umakanda ngakhale galasi. Chomwecho sanza youma ikadutsa pa fumbi la pa Kanengo, ikanda galimoto yopakidwa seramiki monga ikandira ina iliyonse. Tizikanda ta pa galimoto ya mnzanga tidachokera pamenepa.

Nakonso kugubuduzika kwa madzi kuja si umboni wokwanira, chifukwa ngakhale polishi wotchipa amachita chimodzimodzi tsiku loyamba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kusiyana kumadzaoneka patapita miyezi, ndalama itapita kale.

Palinso mfundo ina imene ogulitsa saikamba kawirikawiri. Ntchito yaikulu pa seramiki ndi kukonza penti asanapake. Galimoto iyenera kutsukidwa, kuchotsedwa tala ndi utomoni, kenaka kupukutidwa ndi makina mpaka zikanda zitatha, pakuti chilema chilichonse chotsala chimakwiriridwa pansi pa kachikutoko. Makinawo amachotsa zikanda mwa kupala penti wapamwamba uja, ndipo pa galimoto ya zaka 10 kapena 15 imene penti wake ngwotha kale, mmisiri wosadziwa angathe kumubowola. Akatha kupaka, galimoto iyenera kukhala m'nyumba yopanda fumbi, osakhudza madzi kwa tsiku lathunthu kapena kuposa. Nanga wopakira panja, m'mbali mwa msewu, m'mwezi wa Seputembala kamvuluvulu akuzungulira, akumata chiyani pa galimoto yanu? Akumata fumbi lomwelo limene mukulithawa.

Komabe tisaweruze mbali imodzi. Seramiki weniweni ali ndi ubwino wake. Matope ndi fumbi sizimamatira kwambiri, kotero galimoto imatsukika msanga ndi madzi ochepa. Zitosi ndi utomoni zimachedwa kufika pa penti, ndipo mwini galimoto amapeza mpata wozichotsa. Kuwala nako kumakhalitsa kuposa kwa polishi. Munthu amene wagula galimoto yatsopano, ali ndi galaja, adzaisunga zaka zambiri, ndipo amaitsuka mosamala, sadataye ndalama. Chimodzimodzinso amene galimoto yake ndi munda wake chifukwa cha maonekedwe, monga wobwereketsa magalimoto a paukwati. Ndipo woyenda kawirikawiri m'mbuyo mwa malole pa msewu wa ku Kasungu kapena wa ku Salima angapindule ndi pepala lomata kutsogolo.

Koma ambiri a ife sitili m'gulu limenelo. Galimoto ya mphunzitsi idayenda kale zaka zambiri kunja, imagona panja, ndipo ngongole yake ikadalipobe. Mankhwala onsewa amachokera kunja kwa dziko lino, ndipo kwacha itagwa ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, mitengo ya katundu wakunja idakwera. Walira mvula walira matope: wogula galimoto wagulanso inshuwalansi, setifiketi ya COF, oyilo, matayala ndi mabuleki. Penti wofwifwa sadaphepo munthu, koma tayala lotha laphetsa ambiri. Ena amati kuwala kudzakweza mtengo tsiku logulitsa. Inde, galimoto yooneka bwino imakopa, koma wogula wanzeru amamvetsera injini, amaona mtunda umene yayenda, nafufuza ngati idachitapo ngozi, ndipo sindikhulupirira kuti angakubwezereni ndalama ya kabotolo kaja.

Chifukwa chake maganizo anga ndi awa: kwa munthu wa malipiro a pamwezi wokhala m'makomboni ozungulira Kanengo, mankhwala odulawa sayenera mtengo wake, kufikira atayamba wachita zinthu zotchipa zimene zimateteza penti koposa. Choyamba ndi mthunzi. Kashedi ka mitengo inayi ndi malata kapena udzu kamatchinga dzuwa, zitosi ndi matalala nthawi imodzi, ndipo palibe botolo limene lingachite zimenezi. Chachiwiri ndi katsukidwe. Muyambe mwathira madzi ambiri kuti fumbi litsike lokha dzanja lisanakhudze. Mukhale ndi ndowa ziwiri, ina ya sopo, ina yotsukuluzira nsalu. Muyambire padenga kutsika m'munsi, ndipo nsalu ya matayala isakhudze penti. Mutsukire pamthunzi ndi kupukuta msanga, makamaka ngati madzi ndi a pachitsime kapena pamjigo, chifukwa akaumira pa galimoto amasiya mawanga oyera, ngakhale pa seramiki pomwe. Chachitatu, chitosi chikagwa chichotsedwe tsiku lomwelo ndi nsalu yonyowa. Chachinayi, polishi wa phula katatu kapena kanayi pachaka.

Ndipo musaiwale kunsi kwa galimoto, kumene maso sakuona. Ife tilibe nyanja yamchere, kotero dzimbiri silitivuta monga livutira anthu a ku Beira kapena ku Durban. Koma m'madera ozizira a ku Japan amathira mchere m'misewu nyengo ya chisanu, ndipo galimoto zina zimafika kuno dzimbiri litayamba kale kunsi. Nawo matope a m'dzinja akamatirira m'malo ozungulira matayala amasunga chinyezi. Kukweza galimoto, kutsuka kunsi ndi kupaka mankhwala oletsa dzimbiri pamene layamba, ndiko kuteteza chitsulo chenichenicho chimene chanyamula banja lanu.

Amene mtima wake wafunabe seramiki afunse zinthu zitatu asanalipire: aone botolo ndi dzina la olipanga, aone chipinda chimene apakiremo, ndipo alandire kalata yolembedwa yonena zaka zimene akulonjeza ndi chimene adzachite zikakanika. Wokana kuonetsa zimenezi mumsiye.

Mau otsiriza apite kwa inu achinyamata amene mwatsiriza sukulu ndipo mwayamba ntchito yotsuka magalimoto m'mbali mwa misewu ya mu Lilongwe. Ntchito imeneyi si yochititsa manyazi, ndipo ili ndi luso lake monga ukalipentala kapena umakaniko. Phunzirani kusiyanitsa penti wamoyo ndi penti wotha, ndipo mwini galimoto mumuuze zoona ngakhale zitakutayitsani ndalama ya tsiku limenelo. Amene mwamuuza kuti, "Bwana, penti wanuyu watha, musataye ndalama pa mankhwala," adzabweranso sabata yamawa, ndipo adzabwera ndi anzake. Amene mwamulonjeza kuti mwala sukanda adzabwera kamodzi kokha, kudzadandaula.

Mnzanga uja tsopano adamanga kashedi kuseli kwa nyumba yake, ndipo Loweruka lililonse amatsuka galimoto ndi ana ake, ndowa ziwiri zili poteropo. Zikanda zakale zikadalipo, koma zatsopano sizikuwonjezereka.

M'chigawo chotsatira tidzaona za matayala akaunjika, ndi m'mene munthu angawerengere chaka chimene tayala lidapangidwa.