Ng'ombe Sizigona M'nyumba

Ana anga a ku Karonga, kuyambira ku Chilumba mpaka ku Songwe, wakutsina khutu ndi mnansi. Mpunga ukalowa m'matumba, ndalama n'kuyamba kuyenda, Loweruka silidutsa popanda ukwati. Pa perekaniperekani anthu amavina mpaka fumbi, mbalagha ikutuluka nthunzi m'mapoto, ndipo achibale amanong'onezana funso limodzi lokha: zatuluka ng'ombe zingati? Loti awiriwa amakondanadi kapena ayi, n'kamodzikamodzi kumva munthu akulifunsa.

Malowolo sindikuwanyoza ayi. Pakati pa Angonde, m'dziko la a Kyungu, ng'ombe zakhala zikumanga chibale kuyambira kalekale, ndipo zimathokoza makolo amene analera mwana. Koma ng'ombezo zimakagona m'khola la apongozi. M'nyumba mumatsala anthu awiri ndi mitima yawo.

N'chifukwa chake m'busa wa Sinodi ya Livingstonia, kapena wansembe wa Dayosizi ya Karonga imene inakhazikitsidwa mu 2010, sawerenga ziweto pa guwa. Amafunsa mnyamata, n'kufunsanso mtsikana, aliyense ayankhe ndi pakamwa pake kuti wafuna yekha. Funso limeneli ambiri timalimva ngati mwambo chabe, tikudikira nthungululu. Komatu ukwati wachikhristu wagona pomwepo. Kumene mtsikana sanafunsidwe, monga pa mchitidwe wa kupimbira, pomwe bambo amapereka mwana wake kwa munthu wachuma pobweza ngongole, pamenepo palibe banja, pali msika. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo oyendetsera dziko kuti agwirizane nalo. Kholo lopita ku tchalitchi silinayenera kudikira boma kuti lidziwe zimenezi.

Amene munalipo mu December 2009 mukukumbukira zivomezi zija, anthu akugona panja poopa makoma awo omwe. Nyumba zina zopakidwa penti yowala zinang'aluka, ndipo eni ake anadziwira tsiku lomwelo mmene maziko anakumbidwira. Banjanso limagwedezeka: mwana akachedwa kubwera, Rukuru akasefukira n'kukokolola munda, ntchito ikatha monga zinachitikira ambiri mgodi wa Kayelekera utaimitsidwa mu 2014. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Suti ndi velo sizithandiza pa tsiku lotero.

Tsono chikondi chimene ndikunenachi musachifune m'mauthenga a pa foni. Kachioneni ku Hara, ku Wovwe kapena ku Lufilya. Mayi amawerama m'matope tsiku lonse akuwokera mpunga, mwana kumsana, miyendo itatuwa. Amaingitsa mbalame, amamweta, amapuntha. Ogula akafika ndi sikelo yawo, amene amapinda ndalama za kilombero ndi bambo. Mwamuna wokonda mkazi wake amabwera nazo kunyumba, kuziyala pa mphasa, awiri n'kuwerengera limodzi: izi za fizi, izi za malata, izi za feteleza, izi mugule chitenje. Wina amakwera nazo kabaza kupita ku boma, n'kubwerako patatha masiku m'thumba muli mbee, kapenanso atatsogoza mkazi wachiwiri. Lamlungu iyeyu amayimba nawo kwaya, mawu ake okoma ndithu. Paulo, polembera Aefeso, anayerekeza chikondi cha mwamuna ndi cha Khristu amene anadzipereka chifukwa cha mpingo. Abambo ambiri amaloweza vesi la kugonjera kwa mkazi, lawolo n'kulidumpha.

Ndipo inu amayi a chilangizo, mawu oti banja n'kupirira mwawagwiritsa ntchito mopyola. Kupirira umphawi, matenda ndi zofooka za mnzako, inde, kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma mwana akabwera diso litatupa, inu n'kumubweza usiku womwewo, tisanamizane, si Baibulo limene likuyankhula. Nthawi zambiri n'chifukwa choti ng'ombe zija mchimwene wake anakalowolera kale mkazi, ndiye mukuopa kubweza. Mwana wanu akulipira ndi thupi lake ngongole imene sanatenge. Walira mvula walira matope: munalandira ng'ombe, landiraninso udindo woyitana mkamwini n'kumudzudzula pamaso pa akwawo. Ngati wavulaza munthu, nkhaniyo ndi ya kupolisi, ndipo kupita kumeneko si kuchimwa.

Atsikana nanunso musadzione oyera. Kukwatiwa ndi munthu chifukwa ali ndi shopu kapena amayenda ku Kyela n'kudzipimbira wekha.

Ankhoswe, ntchito yanu siyithera pa kukambirana mtengo. Nkhuyu zodya ana zimapota akulu, ndipo banjali likadzagwedezeka ndinu amene adzakudzutseni pakati pa usiku. Musanalembetse ukwati ku tchalitchi, khalani ndi mnyamata payekha, mtsikananso payekha. Afunseni amene azidzasunga ndalama, zimene adzachite mwana akapanda kubwera, ndiponso ngati anapita limodzi kukayezetsa magazi. Mtsikana akangoyang'ana pansi osayankha, musathamangire kunena kuti ndi manyazi. Uzani akuchimuna kuti ng'ombe zibayamba zadikira.