Za Umoyo wa Pabanja: Belu la M'thumba

Mwezi uno tifuna kunena za abale athu achikulire a m'midzi ya Mchinji amene miyendo kapena manja awo sagwira bwino nchito: amene anapuwala ndi poliyo akali ana, amene anathyoka msana pa ngozi, amene anafa ziwalo mbali imodzi, ndi amene anadulidwa mwendo chifukwa cha nthenda ya shuga. Iwo sali owerengeka ai. Kalembera wa chaka cha 2018 anapeza kuti mwa anthu 10 ali onse a m'Malawi a zaka 5 ndi kuposa, mmodzi ali ndi ulumali. Tsono palibe mudzi wopanda mbale wotere.

Chimene chifooketsa munthu wotere kawirikawiri si ulumali wachewo, koma tinthu tating'ono toiwalika tsiku ndi tsiku. Wokhala pa njinga ya olumala kapena wogona pa mphasa, akakhalitsa malo amodzi, magazi sayenda bwino pamene fupa likanikiza khungu: m'matako, m'chiuno ndi ku zidendene. Pamenepo pabuka chilonda, ndipo iye amene thupi lache silimva kuwawa sazindikira kanthu kufikira chilondacho chitazama. Chilonda chotere chitha miyezi osapola, ndipo chikachita mafinya chikhoza kupha. Koma chochiletsa sichigulidwa ku sitolo. Wogona atembenuke, kapena am'tembenuze, pakapita maola 2 ali onse. Wa pa njinga adzinyamule pang'ono ndi manja, kapena aweramire kutsogolo ndi m'mbali, isanathe theka la ola. Nchito yache njopepuka. Chovuta ndicho kukumbukira.

Apa ndipo lamya ya m'manja, imene ambiri aitcha foni, ikhoza kutumikira. Sitinena za lamya ya mtengo wapatali ai. Ngakhale kaja ka mabatani kali ndi belu m'kati mwache, limene alitcha alamu, lolira pa nthawi imene mwini walipangira. Monga belu la ku sukulu siliphunzitsa mwana koma limuitana pa nthawi yache, chomwechonso belu la lamya silichiritsa, koma silitopa kukumbutsa. Lipangireni nthawi zotembenuka, ndi ya m'mawa ndi madzulo yoyang'ana khungu ngati lafiira kapena lada. Lipangireni nthawi ya mankhwala a kuthamanga kwa magazi kapena a shuga, pakuti mankhwala amenewa samwedwa modumphadumpha. Lipangireninso nthawi yakumwa madzi. Ambiri adzimana madzi poopa kuvutitsa anthu kuwanyamula kunka ku chimbudzi, koma kutero kuitana matenda a m'chikhodzodzo ndi a impso.

Belu lomwelo liitanenso ku kulimbitsa thupi. M'chaka cha 2020 bungwe loyang'anira za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linalangiza kuti achikulire a ulumali nawonso alimbitse thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndiko kunena mphindi 30 pa masiku 5. Wina ayendetse yekha njinga yache pa bwalo, wina ayende ndi ndodo zache kufikira ku mjigo, wina anyamule botolo la mchenga ali chikhalire, wina awongole ndi kupinda mfundo zouma. Wofooka ayambe ndi mphindi 5 zokha, naonjeze monga achipatala am'langiza, pakuti pang'ono pang'ono ndi mtolo.

Nchito yachiwiri ya lamya ndiyo kufupikitsa njira. Kwa munthu wosayenda, ulendo wa ku chipatala ndiwo mtengo wa kabaza kapena ngolo, ndi tsiku lathunthu la wom'perekeza. M'chaka cha 2011 ku Balaka kunayamba Chipatala cha pa Foni, kumene munthu aimba lamya nafunsa ophunzira za umoyo. Poyamba chinali cha amayi ndi ana, koma pambuyo pache chinafalikira ku maboma onse, chinayamba kuyankha za matenda ndi zakudya za munthu ali yense, ndipo Unduna wa za Umoyo unachilandira. Funsani mlangizi wa za umoyo wa dera lanu akuuzeni nambala imene aimbapo, ndipo mulembenso nambala yache ya iye mwini. Wofuna mwendo wochita kupanga, kapena wokonzetsa umene ali nawo, ulendo wache ngwa ku chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, mtunda woposa makilomita 100 kuchokera pa Boma. Ayambe wafunsa pa lamya tsiku loyenera kufika, kuti ndalama ya ulendo isapite pachabe. Safunsa anadya phula.

Koma tichenjeze. Lamya ilibe maso ngakhale manja. Chilonda chikatseguka kapena kununkha, thupi likatentha, mkodzo ukada ndi kununkha, musataye nthawi ndi kuimba. M'nyamuleni wodwalayo tsiku lomwelo kunka ku Guilleme, ku Ludzi, ku Kapiri kapena ku Boma. Ndipo musakhulupirire mankhwala olengezedwa pa WhatsApp, akuti adzutsa miyendo yakufa. Eni ache afuna ndalama zanu zokha.

Chotsala nchachikulu koposa zonse. M'nyumba zambiri lamya ndi imodzi, ndipo m'mawa ichoka m'thumba la mnyamata wonka ku msika wa Kamwendo kapena wa Mkanda, pamene wosayendayo atsala pa khonde wopanda choitanira munthu. Ichi sichiyenera. Wokhala ndi miyendo akhoza kudzifikira kumene afuna. Lamya itsale ndi iye amene sangathe kutero. Muimangirire chingwe m'khosi mwache kapena pa njinga yache, kuti isagwere posafika dzanja. Ana apite nayo kukatchaja isanazime, nam'phunzitse mwini kupanga alamu yekha, pakuti iye ndi munthu wamkulu, woyenera kulamulira thupi lache ndi nthawi zache, osati kungodikira chifundo cha odutsa.

Ndipo belulo likalira pakati pa usiku, pamene mbaleyo sangathe kudzitembenuza yekha, pakhale wina wodzuka. Gawanani masiku, kuti katunduyo asalemere mayi mmodzi yekha, amene adzatopa nadwala iyenso.