Kampani ikatseka n'kupita, dothi loipa amalipira ndani?

Kuseri kwa nyumba ya azakhali anga kuno ku Nkhudzi kuli malo amene kampani ina inkasungirapo mafuta a maboti. Inatseka ine ndili ku pulayimale. Chatsala ndi simenti yong'aluka, thanki yadzimbiri yokwiririka theka, ndi dothi lakuda loti ngakhale bonongwe samerapo. Mvula ikagwa, madzi a pachitsime chapafupi amanunkha dizilo. Azakhali atadandaula, anthu anangoti, "Eni ake anapita kalekale, mumufunsa ndani?"

Funso limeneli aku America analipezera yankho lodabwitsa: funsa a inshuwalansi akale. Mu 1980 dziko lawo linakhazikitsa lamulo lotchedwa Superfund, loti amene anaipitsa malo, ngakhalenso amene ali mwini malowo lero, alipire ntchito yoyeretsa. Makampani ataona mabilu, anayamba kufukula mafayilo a m'ma 1950 ndi 1960. Paja inshuwalansi ya nthawi imeneyo inkateteza pa chilichonse chochitika m'chaka chomwe munthu walipira, ngakhale vutolo lidzaonekere patapita zaka 30. Ndiye ngati thanki inayamba kudontha mu 1968 koma anthu n'kudzazindikira mu 2005, amene analandira ndalama ya inshuwalansi mu 1968 ndi amene akugwidwa pakhosi. A inshuwalansi atatulukira, anayamba kutseka khomo limeneli mu 1973, ndipo pofika 1986 anali atalitsekeratu. Koma mapepala akale aja sanafe. Mpaka pano kuli anthu oti ntchito yawo ndi kungosakasaka mapepala amenewa basi. Milandu yotere, pamodzi ndi ya asbestos, inagwedeza ngakhale Lloyd's ya ku London, moti mu 1996 anachita kupanga kampani yapadera, Equitas, yoti isenze ngongole zakalezo.

Nditawerenga zimenezi ndinasangalala kaye, eti mwina ya azakhali yatheka. Kenako ndinakhala pansi n'kuwerengera.

Kupeza pepalalo ndi nkhani ina, poti kwathu kuno mafayilo amadyedwa ndi chiswe. Koma tiyerekeze talipeza, ndipo likuti kampaniyo inali yotetezedwa mpaka K50,000 mu 1982. Nthawi imeneyo kwacha imodzi inali pafupifupi dola imodzi, ndiye zinali ndalama zoti ungakumbire dothi lonse loipa n'kukumbanso chitsime china. Mu 2025 dola imodzi ku banki inali pafupifupi K1,750, ndipo mu November 2023 mokha kwacha inagwa ndi 44 peresenti. K50,000 ija siikwana ngakhale thumba limodzi la feteleza. Dola ya aku America nayo inafooka, koma osati chonchi. Ife pepala tikhoza kulipeza lili bwinobwino, koma ndalama yolembedwapoyo inasungunuka kale.

Kuthamangitsa kampani itapita kale ndi mpira wovuta, aise. Anzathu a ku Kabwe ku Zambia akudziwa. Mgodi wa mtovu kumeneko unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana akupezeka ndi mtovu m'magazi. Mu October 2020 maloya anasumira Anglo American ku khoti la ku Johannesburg m'malo mwa amayi ndi ana pafupifupi 140,000. Kampaniyo ikukana mlandu, ndipo mu December 2023 khoti linakana kuti anthuwo asume ngati gulu limodzi, maloyawo n'kuchita apilo. Mwana amene anabadwa chaka chotseka mgodi anali ndi zaka 29 tsiku la chigamulocho.

Kwathu konkuno, boma la Karonga lokha likutionetsa njira zonse ziwiri. Ku Mwabulambo, kampani ya malasha ya Eland inasiya ntchito mu 2015, ndipo lipoti la Human Rights Watch la 2016 linapeza maenje akuya atasiyidwa osakwirira pafupi ndi midzi. Ku Kayelekera, kampani ya Paladin yomwe inkakumba uranium inaikiratu chikole cha madola 10 miliyoni chokonzera malo, ndipo Lotus itagula mgodiwo mu 2020 chikolecho chinakhalapobe. Kaya ndalamayo ingakwanire mgodi wonse, ambiri amakayika, inenso ndimakayika. Koma onani bwino: ili m'madola, ndipo inaikidwa eni ake asananyamuke.

Apa ndi pamene ife a kunyanja tiyenera kutsegula maso. Madzi amene Southern Region Water Board imapopa pano pa Nkhudzi ndi a m'nyanja yomweyi imene timasambamo, imene tikuphamo usipa ndi chambo. Tsidya linalo ku Makanjira kuli mchenga wa miyala yamtengo wapatali womwe makampani akuusirira. M'mbali monsemu mukumangidwa malo ogona alendo, ena okhala ndi majenereta ndi mathanki awo a mafuta. Lamulo la zachilengedwe la 2017, lomwe linabweretsa bungwe la MEPA, limati woipitsa ndiye alipire. Zabwino, koma woipitsayo azikhala kuti alipo ndipo ali ndi ndalama.

Pa misonkhano ija amatiitanira pansi pa mtengo ntchito isanayambe, timakonda kufunsa za maganyu ndi mjigo. Sizolakwika ayi, tonse tikufuna ntchito. Koma ine ulendo uno ndikafunsa zina: muli ndi inshuwalansi ya kuipitsa madzi ndi dothi? Ndi kampani iti, ya ndalama zingati, m'kwacha kapena m'madola? Chikole mwaika kuti? Ndipo kope la mapepalawo likhale kwa amfumu ndi ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, wina alijambulenso pafoni, chiswe chisatidyerenso umboni.

Za kuseri kwa azakhali, dzina la kampani ija ndalipeza pa lisiti lakale lomwe malume anasunga m'chikwama. Loweruka ndikukaonana ndi mkulu wina amene anali kalaliki kumeneko. Akuti akukumbukira kuti chaka chilichonse kunkabwera munthu wa inshuwalansi kuchokera ku Blantyre.